Galimoto Yaciwiri pa Khomo: Yochipa Pogula, Nanga Poweta?

MWEZI wa Julayi ukafika, ndalama za mbeu zikayamba kulowa m'matumba a alimi, m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road mumayamba kuoneka magalimoto oimikidwa pamthunzi, otsukidwa bwino, matayala ali phuli-phuli, pa galasi atamatapo pepala la mtengo ndi nambala ya foni. Kuyambira pa Nyimba, pa mphambano ya Petauke, pa Sinda, pa Katete kufikira ku Chipata, ogulitsa adziwa bwino nyengo imene mlimi ali ndi kanthu m'manja, monga momwe mlimi adziwira nyengo ya mvula.

Pakati pa anthu amene amaima kuyang'ana magalimotowa pali ena amene ali nayo kale imodzi pa khomo. Kawiri-kawiri imakhala Canter kapena vaneti ya dizilo, imene nchito yake ndi kututa cimanga, soya, nshawa ndi mpendadzuwa kupita nazo ku msika, ndi kubwerako ndi fataleza. Galimoto yotere ndiyo khasu la banjalo. Koma ikapita ku Lusaka ndi katundu, ulendo wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata, pa khomo pamakhala popanda coyendera masiku awiri kapena atatu, ndipo matenda a mwana sayembekeza kuti lole ibwere. Ngakhale pamene iripo, kuliza lole yathunthu cifukwa ca thumba limodzi la ku cigayo ndi botolo la saladi ndi kutaya dizilo ndi kuperesa matayala odula pa nchito yaing'ono.

Apa ndi pamene pacokera maganizo ofuna galimoto yaciwiri, yaing'ono, yogwirapo kale nchito ndiponso yochipa, yoti izipita ku sukulu, ku cipatala, ku chalichi, ku maliro ndi ku boma kukagula zofunika. Maganizowa ndi abwino ndithu. Cobvuta ndi cakuti mau akuti "yochipa" anyenga anthu ambiri. Mtengo wolembedwa pa galasi ulipidwa tsiku limodzi, koma galimoto ikalowa pa khomo imakhala ngati ciweto cimene msipu wake ndi ndalama, ndipo cimadya mwezi uli wonse, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pamene m'nkhokwe mwayamba kuoneka pansi. Mlimi amalandira ndalama zazikulu kamodzi pa caka. Akalakwitsa pogula, cimene cidzalipira kulakwako ndi fataleza wa caka camawa kapena ng'ombe za m'khola.

Kumene acokera magalimotowa

Acikulire akumbukira nthawi imene panalibe zambiri zosankhapo. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inali kulumikiza magalimoto a Fiat, ndipo m'miseu ya kumidzi munali kuoneka ma Land Rover a Boma, ndi ma Peugeot ndi ma Datsun a amalonda owerengeka. Anthu ambiri anali kudalira mabasi a UBZ ndi njinga. Ndalama za maiko akunja zitasowa m'zaka za m'ma 1980, galimoto inali kutha miyezi itakhazikidwa pa njerwa cifukwa ca kacitsulo kamodzi kosapezeka m'masitolo. Malonda atamasulidwa pambuyo pa caka ca 1991, magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan anayamba kulowa ambiri, kufikira anadzaza miseu ya dziko lonse.

Ku Japan lamulo likakamiza kuti galimoto yatsopano ipimidwe ikatha zaka zitatu, ndipo pambuyo pake zaka ziwiri ziri zonse. Kupimitsako ndi kodula, motero eni ake ambiri amagulitsa magalimoto ao akali olimba. Popeza kumeneko amayenda kumanzere kwa mseu monga muno m'Zambia, magalimotowa amafika ali oyenera miseu yathu, ciongolero ciri kudzanja lamanja. Ambiri amatsika m'sitima pa doko la Dar es Salaam nalowera pa Nakonde, ena amadzera ku Durban kapena ku Walvis Bay.

Koma galimoto yongofika kumene, italipiridwa sitima ndi msonkho wa ZRA, siikhala yochipa kweni-kweni. Imene banja la kumudzi lingathe kuigula monga yaciwiri nthawi zambiri ndi imene yayenda kale muno zaka zingapo, yapita m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, mwinanso inagwirapo nchito ya takisi. Mbiri yake siinalembedwe m'buku liri lonse. Wogula ayenera kuiwerenga yekha pa thupi la galimotoyo.

Mseu wa ku khomo

Cinthu coyamba kucilingalira ndi mseu wocokera pa tala kufika pa khomo la wogulayo. Mwezi wa Ogasiti mseu uli wonse umaoneka wabwino, cifukwa madambo auma ndipo timitsinje taphwa. Wogula ayenera kukumbukira mseu womwewo monga umakhalira mu Febuluwale, pamene ngolo ndi mathirakitala zakumba ngalande ziwiri, pakati patatsala citunda ngati mtumbira wa kandolo. Galimoto ya mimba yotsika imakhula pansi pa malo otere, ndipo cimene cimagunda mwala poyamba ndi sampu, poto wa oilo amene ali kunsi kwa injini. Potoyu akabooka oilo amatha m'mphindi zocepa. Woyendetsa akapanda kuona nyali yofiira ya pa dashibodi ndi kuima pomwepo, injini imauma ndi kugwirana, ndipo ndalama zogulira ina zingafike pafupi ndi zimene anagulira galimoto yonse.

Timagalimoto monga Toyota Vitz, Toyota Passo, Honda Fit ndi Nissan March timamwa petulo pang'ono, ndipo ndi tabwino kwa banja lokhala pafupi ndi tala, monga m'mbali mwa Great East Road kapena mseu wa ku Mfuwe. Koma matayala ake ndi ang'ono-ang'ono ndipo mimba ziri pafupi ndi nthaka. Kwa amene mseu wake ndi wa miyala ndi maenje, Toyota Corolla, Toyota Probox kapena Nissan AD zimapirira bwinopo. Probox, imene inayamba kupangidwa mu 2002, inakonzedwera amalonda onyamula katundu m'matauni a ku Japan. M'kati mwake mulibe cokongola ciri conse, mipando yake ndi yolimba, ndipo acinyamata ena amaiseka kuti ndi bokosi la matayala. Kusakongola kumeneku ndiko kucepa kwa tinthu toonongeka.

Aliyense wogula ayenera kudziwanso malire a katundu. Probox ya mtundu wa vani inalembedwa kuti inyamule makilogalamu 400, ndiwo matumba asanu ndi atatu a fataleza. Kalole ka Suzuki Carry, ka injini ya 660cc, malire ake ndi makilogalamu 350, matumba asanu ndi awiri, ndipo kali ndi mipando iwiri cabe, motero si kopita nako ku chalichi ndi banja. Ndi zoona kuti m'miseu yathu magalimotowa amaoneka atasenza kawiri kuposa pamenepa, mbuzi pamwamba, kumbuyo kutatsala pang'ono kukhudza pansi. Galimoto siidandaula tsiku lomwelo. Imadzalankhula pambuyo pake kupyolera m'masipilingi othyoka, mashoko otha ndi matayala ophulika.

Magalimoto okwera monga Toyota RAV4, amene ena a iwo amakoka ndi matayala onse anai, amaoloka malo amene ena amatitimira. Koma amamwa mafuta ambiri ndipo tayala lake limodzi ndi lodula kuposa la Corolla. Ndi oyenera kwa amene mseu wake uli wofunadi zotero. Munthu wokhala pa mtunda wa makilomita awiri kucokera pa tala adzakhala akulipira caka conse mphamvu imene adzaigwiritsa nchito masiku owerengeka.

Palinso nkhani ya magiya. Magalimoto ambiri a ku Japan ndi a otomatiki, osafuna kuponda kilachi. Ici ndi cabwino pa galimoto yaciwiri, popeza woiyendetsa kawiri-kawiri adzakhala mai wa pa nyumba kapena mwana wamkulu, ndipo kuphunzira kwake n'kosabvuta. Koma ya otomatiki siilira mwa kuikankha. Batire likatha mphamvu pa mudzi wopanda galimoto ina, anyamata a mudzi wonse angaikankhe kufikira madzulo osaphula kanthu. Bokosi lake la magiya likaonongeka, amakanika ambiri salitsegula koma amalangiza kugula lina lathunthu. Ndipo mabokosi a mtundu wochedwa CVT, amene ali m'timagalimoto tambiri tating'ono, amafuna oilo waowao. Kuthiramo oilo wa otomatiki wamba kumawaononga. Ya magiya a pamanja ikapezeka yabwino, kumudzi imasungika mosabvuta.

Makanika ndi masipeya

Pa zonse zimene wogula angacite asanatulutse ndalama, cothandiza kwambiri sicifuna ngakhale ngwee imodzi. Ndico kupita ku masitolo a masipeya a pa boma lapafupi, kaya ndi pa Lundazi, pa Chadiza kapena pa Petauke, ndi kukafunsa mitengo ya zinthu zimene zimatha kawiri-kawiri pa mtundu wa galimoto imene akuilingalira: mabuleki, mashoko, sefa ya oilo, pampu ya petulo, galasi la kutsogolo, ngakhalenso injini yathunthu yakale. Mwini sitolo akangotembenuka ndi kutenga cinthuco pa shelefu, galimotoyo ingathe kukhala m'dera limenelo. Akayankha kuti ayamba waitanitsa ku Lusaka, ndiye kuti pa kuonongeka kuli konse galimoto idzagona masiku. Akanena kuti cinthuco cicokera kunja kwa dziko, idzagona masabata, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

Cimodzi-modzinso ndi makanika. Galimoto yoyenera kumudzi ndi imene makanika wa pafupi waitsegulapo kambiri-mbiri, kotero kuti amadziwa matenda ake pongomva kulira kwake. Ndi cifukwa cake Corolla, imene inayamba kupangidwa mu 1966 ndipo yafalikira m'dziko lonse lino, siitsika mtengo msanga ngakhale itakalamba. Wogula amalipira zambiri poyamba, koma amagulira pamodzi nzeru za amakanika onse a m'mbali mwa mseu, ndipo tsiku lofuna kuigulitsa sasowa woigula.

Nthawi zina pamapezeka galimoto yaikulu ya ku Ulaya, ya mipando ya cikopa ndi mabatani ambiri, ikugulitsidwa pa mtengo wofanana ndi wa Vitz. Mtima umagunda ndithu poganiza za kufika nayo pa ukwati. Koma mtengo wotsikawo uli ndi cifukwa cake: mwini wake watopa ndi masipeya odula ndi nthenda za magetsi zimene zimafuna kompyuta kuti zidziwike. Magalimoto a hybrid, monga Toyota Aqua ndi Prius, amene amayenda ndi petulo pamodzi ndi batire lalikulu, amasunga mafuta kwambiri ndipo m'tauni akondedwa. Batire lalikululo limafooka ndi ukalamba, kugula lina ndi ndalama zambiri, ndipo odziwa kulikonza ali m'matauni akulu-akulu. Injini zina za Toyota zolembedwa D-4 nazonso zimafuna petulo woyera bwino, pamene kumidzi yambiri petulo amagulidwa m'zigubu, mwina ali ndi fumbi kapena madzi.

Kawerengedwe ka mafuta

Kusiyana kwa kamwedwe ka mafuta kumaoneka kocepa pa ulendo umodzi, koma pa caka kumakula. Mwacitsanzo, banja likhale pa mtunda wa makilomita 20 kucokera ku boma, ndipo lizipitako katatu pa sabata. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 40, pa sabata 120, pa caka 6,240. Galimoto yoyenda makilomita 15 pa lita imodzi idzamwa malita 416 pa cakaco. Yoyenda makilomita 8 pa lita idzamwa malita 780. Kusiyana kwake ndi malita 364, ndipo ali yense angawerengere yekha pa mtengo wa petulo wa mwezi uno kuti amenewa ndi matumba angati a fataleza. Mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kulengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, motero powerengera ndi bwino kusiyako mpata wakuti mtengo ungakwere. Pa maulendo atali-atali pali kulipiranso pa zipata za mseu, monga za ku Chongwe, ku Nyimba ndi ku Katete.

Mabanja ena akawerengera motere amapeza kuti cimene afuna ndi njinga yamoto, imene masiku ano yafika pafupi-fupi m'mudzi uli wonse wa Cigawo ca Kum'mawa. Imapita pamene galimoto siingapite ndipo imamwa pang'ono. Koma siingatenge mai wodwala pakati usiku wa mvula, ndipo ici cokha ndico cimabwezera ambiri ku maganizo a galimoto.

Tsiku lokaona galimoto

Wogula apite ndi makanika wake-wake, womulipira yekha, osati wobwera ndi wogulitsa. Nthawi yabwino ndi m'mawa injini isanalizidwe. Injini yotopa imabisa zambiri ikatentha, motero wogula akafika napeza boneti iri yofunda, ayenera kudzifunsa cifukwa cake anaiyambiriza iye asanafike. Usiku kapena mvula ikugwa si nthawi yoonera galimoto, cifukwa penti yonyowa iri yonse imanyezimira.

Asanalize injini, makanika atsegule citsekero ca oilo ndi kuyang'ana kunsi kwake. Pakaoneka zoyera-yera ngati phala la mkaka, kawiri-kawiri ndiye kuti madzi akusakanizika ndi oilo, cizindikiro cakuti gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Madzi a mu rediyeta akhale opanda mafuta oyandama ndi opanda dzimbiri lambiri. Potembenuza kiyi, nyali zonse za pa dashibodi ziyenera kuyaka poyamba ndi kuzima injini ikalira. Nyali ya injini kapena ya oilo ikapanda kuyaka konse, wogula acenjere, pakuti pali ena amene amacotsa babu kuti bvuto lisaoneke. Injini italira, wina aime kumbuyo ndi kuona utsi. Utsi wobiriwira ngati wa mtambo usonyeza kuti injini ikudya oilo. Woyera wambiri umene suleka ngakhale injini itatentha usonyeza madzi akulowa m'kati. Wakuda usonyeza mafuta osapsa bwino.

Makilomita olembedwa pa wochi ya pa dashibodi sayenera kukhulupiriridwa okha, cifukwa amabwezedwa m'mbuyo mosabvuta. Mboni zabwino ndi zinthu zimene munthu amazigwira tsiku ndi tsiku. Ciongolero cosalala ngati mpini wa khasu lakale, labala wa popondera buleki woperepeseka kufikira citsulo, mpando wa woyendetsa wolowa m'kati, zonsezi sizigwirizana ndi wochi yonena kuti galimoto yayenda pang'ono. Zitseko ndi boneti zitsekeke molingana mbali zonse. Mpata waukulu mbali imodzi, kapena penti yosiyana pang'ono ndi inzake, ndi cizindikiro ca ngozi yakale. Makanika agone pansi ndi kuyang'ana kunsi ngati kuli dzimbiri, malo oocherera kapena oilo wodontha. Injini yotsukidwa kwambiri tsiku lomwelo nayonso ndi yofunika kuikayikira.

Matayala ali ndi msinkhu wao wolembedwa m'mbali. Pali manambala anai, awiri oyamba onena sabata ndi awiri otsiriza onena caka. Tayala lolembedwa 2319 linapangidwa sabata ya 23 m'caka ca 2019. Tayala lakale limauma ndi kung'ambika ngakhale mano ake akali akuya, ndipo pa tala yotentha ya mu Okutobala, pa zitunda za pakati pa Luangwa Bridge ndi Nyimba, tayala lotere ndi ngozi. Matayala anai atsopano ndi ndalama zoti zicotsedwe pa mtengo pokambirana. Tayala lodyeka mbali imodzi yokha lisonyeza kuti miyendo ya galimoto siiri bwino.

Tsono galimoto iyesedwe pa mseu, wailesi itazimidwa. Kuzungulira nayo pa tala yosalala ya m'tauni sikuonetsa kanthu. Ipite pa mseu wafumbi wa tizitunda-tunda pamene mashoko ndi mabushi otha amalira gwede-gwede. Ikwere citunda kuti mphamvu yake ioneke, ndipo muvi wa kutentha uyang'aniridwe nthawi yonse. Pa bwalo, woyendetsa akhotetse ciongolero kufikira kumapeto ndi kuzungulira pang'ono-pang'ono. Pakamveka kuti kha-kha-kha ku matayala a kutsogolo, ma CV joint atha. Magiya a otomatiki asinthe mosagwedeza munthu ndi mosacedwa. Pobwerako galimoto iimikidwe pa malo oyera, ndipo patapita kanthawi wogula ayang'ane cimene cadontha. Wogulitsa wokana kuti galimoto iyesedwe motere wamuthandiza wogula kusankha msanga.

Mapepala

Injini yoonongeka imakonzeka, koma galimoto ya mapepala olakwika ingalandidwe yonse, ndalama osabwezedwa. Pepala lalikulu ndi buku la umwini, limene anthu amalicha White Book, loperekedwa ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency, kapena RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002. Dzina la m'bukulo lifanane ndi la pa reji ya munthu amene akugulitsa. Nambala ya chassis ndi ya injini zolembedwa m'bukulo ziwerengedwe imodzi-imodzi ndi kulinganizidwa ndi zodindidwa pa citsulo ca galimoto. Pamalo pa nambala pakaoneka popalidwa kapena pooceredwa, nkhani ithere pomwepo. Apolisi amapima manambalawa kuti aone ngati galimoto siinabedwe, ndipo ndi nzeru kucita zimenezi ndalama zisanaperekedwe.

Wogulitsa akanena kuti White Book iri kwa mbale wake ku Lusaka ndipo idzabwera sabata yamawa, wogula naye asunge ndalama zake kufikira sabata yamawayo. Nthawi zambiri buku losaonekalo limakhala m'manja mwa wokongoza ndalama amene analitenga ngati cikole, ndipo tsiku lina adzabwera kudzatenga galimoto. Ngati buku liri m'dzina la munthu amene anamwalira, woyenera kugulitsa ndi amene anaikidwa ndi khoti kuyang'anira cuma ca masiye. Lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo limapatsa gawo mkazi kapena mwamuna wamasiye, ana ndi makolo, motero kugula kwa mphwake kapena mlamu amene anangotenga makiyi pa maliro ndi kugula mlandu.

Anthu a Kum'mawa ali ndi cina coti acenjere naco cifukwa ca kuyandikana ndi malire. Magalimoto a manambala a ku Malawi olowera pa Mwami, kapena a ku Mozambique olowera pa Chanida, amaloledwa kukhala muno kwa nthawi yocepa ndi cilolezo ca alendo. Ena amagulitsidwa mochipa asanalipiridwe msonkho. Wogula galimoto yotere sangailembetse m'dzina lake kufikira msonkho wonse utalipidwa ku ZRA, ndipo ikapezeka pa mseu cilolezo citatha ingagwidwe. Palinso zithunzi za magalimoto okongola zimene zimaikidwa pa Facebook ndi mtengo wotsika modabwitsa, mwini wake napempha kuti atumiziridwe ndalama pang'ono pa foni kuti asagulitse kwa wina. Galimoto imene munthu sanaikhudze ndi dzanja lake siyenera kulipiridwa kanthu.

Pogulana palembedwe kalata yoonetsa maina, manambala a reji, nambala ya galimoto, mtengo ndi tsiku, ndipo pakhale mboni za mbali zonse ziwiri. Pambuyo pake umwini usinthidwe ku RTSA mosazengereza. Ambiri amanyalanyaza zimenezi poopa ulendo ndi ndalama zolipira, nayenda zaka ndi galimoto ya dzina la munthu wina. Bvuto limadzaoneka pa ngozi, pofuna kuigulitsa, kapena mwini dzinalo akamwalira ana ake nayamba kuifunsa.

Ndalama zotsala m'thumba

Kulakwa kofala ndi kupereka ndalama zonse zimene banja linapatula, kufikira wogula abwereka ya petulo wopitira kumudzi. Galimoto yakale iri yonse imafuna kanthu m'mwezi woyamba. Oilo ndi sefa zisinthidwe pomwepo, ciri conse cimene wogulitsa ananena. Injini zakale za Corolla monga 5A ziri ndi lamba wa timing amene amatha ndi nthawi, ndipo ngati palibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, asinthidwe asanaduke pakati pa thengo. Injini ya 1NZ ya mu Probox ndi Corolla zina iri ndi cheni m'malo mwa lamba. Palinso msonkho wa mseu, pepala la fitinesi ndi inshuwalansi imene lamulo likakamiza galimoto iri yonse kukhala nayo, ndipo zonsezi zimatha ndi kufuna kulipiridwanso. Masiku ake ayang'anidwe pa galasi asanagwirizane mtengo. Ndi bwino kusankha galimoto ya mtengo wotsikirapo kuti gawo labwino la ndalama litsale la zinthu zimenezi. Tayala lapadera, jeke, sipanala ya matayala ndi matrayango awiri ofiira zikhalemo pa tsiku lotenga galimoto, pakuti zimakonda kusowa pakati pa tsiku loona ndi tsiku lolipira.

Banja likambiranenso za woyendetsa. Galimoto yogulidwa kuti izithandiza pamene bambo ali pa ulendo siithandiza kanthu ngati laisensi ali nayo ndi bambo yekhayo. Ndalama zophunzitsira mai kapena mwana wamkulu ndi zotengera laisensi ziwerengedwe pamodzi ndi mtengo wa galimoto. Kupereka makiyi kwa mnyamata wopanda laisensi cifukwa cakuti mseu wa kumudzi ulibe apolisi kwabweretsa misozi m'mabanja, ndipo pa ngozi yotere a inshuwalansi angakane kulipira. Cimodzi-modzi ndi kunyamula anthu olipira popanda cilolezo ca takisi, ciyeso cimene cimabwera msanga petulo akayamba kulemera.

Pa mudzi galimoto siikhala ya banja limodzi lokha. Idzapemphedwa pa matenda, pa maliro ndi pa cikwati, ndipo zambiri mwa izi sizikanika. Eni ake amene amagwirizana poyamba kuti wopempha azithira mafuta, ndi kuti woyendetsa akhale wa pa khomo pomwepo, amapewa mikangano ndi acibale. Kabuku ka sukulu kosungidwa m'galimoto, kolembamo tsiku, makilomita, malita a petulo ndi ndalama iri yonse yopita kwa makanika, kadzaonetsa banja pofika Julayi wina ngati galimotoyo ndi yoti ikhalebe pa khomo kapena nayonso ikaime pamthunzi m'mbali mwa mseu ndi pepala pa galasi.